Agogo akuwodzera titawapatsa morphine: ndi albumin kapena impso?

Namwino wa usiku: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Tili ndi agogo a zaka 74, tsiku lachiwiri chichitireni opaleshoni ya m'mimba. Morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu, akulandira mlingo wa masiku onse, koma usiku uno kuti adzuke mpaka kuwagwedeza paphewa. Akupuma ka 8 pa mphindi, mboni za m'maso zatsala ngati nsonga ya singano. Albumin yawo, puloteni ya m'magazi, yatsika kufika pa 22 g/L. Kodi vuto si limeneli?

Wa anaesthesia (wogonetsa odwala pa opaleshoni): Asisitala, za albumin tikambe kenako. Imitsani morphine, muwaike oxygen, adokotala abwere pompano. Naloxone, mankhwala othetsa mphamvu ya morphine, mupereke pang'onopang'ono mumtsempha, mukathira yense kamodzi ululu wa bala ubwerera ndi mphamvu. Musatalikirenso bedi, naloxone amatha msanga m'thupi kuposa morphine.

Namwino wa usiku: Tachita zonsezo achimwene, atsegula maso, akupuma ka 14. Koma funso langa lidakalipo.

Dokotala wa pawodi: Ine ndikugwirizana ndi asisitala. Albumin imayenera kukhala 35 mpaka 50 g/L. Mankhwala amene agwirana ndi mapuloteni a m'magazi safika ku ubongo, amafikako ndi omasuka okha. Albumin ikatsika, omasukawo amachuluka.

Wa pharmacy: Adokotala, mfundoyo ndi yoona, koma kwa morphine siifika patali. Morphine amagwirana ndi mapuloteni pafupifupi 35% yokha, kutanthauza kuti wambiri amakhala womasuka kale ngakhale mwa munthu wathanzi. Albumin itatsika, chowonjezekera ndi chochepa, sichingagonetse munthu chonchi. Nkhaniyi imakula kwa mankhwala a gulu la morphine ogwirana kwambiri ndi mapuloteni: fentanyl ali pa 80 mpaka 85%, alfentanil pafupifupi 90%. Pamenepo gawo lomasuka ndi laling'ono, ndiye kugwiranako kukatsika pang'ono chabe, gawo lomasukalo limakula kwambiri. Chimene ambiri timaiwala n'chakuti puloteni si imodzi. Alfentanil ndi methadone amakonda kugwirana ndi puloteni ina yotchedwa alpha-1-acid glycoprotein, ndipo iyi imakwera m'masiku otsatira opaleshoni, nthawi yomwe albumin ikutsika. N'chifukwa chake sindikhulupirira zowerengera mlingo kuchokera pa albumin. Asisitala, thumba la mkodzo likuti chiyani? Nanga creatinine, muyezo wa m'magazi umene umakwera impso zikafooka?

Namwino wa usiku: Ndangoyang'ana kumene. Muli 250 mL chiyambire m'mawa, wakuda ngati wofiirira. Creatinine ya lero yakwera kawiri poyerekeza ndi ya asanalowe ku theatre. Pepala lake linali pansi pa fayilo, palibe analiona.

Wa pharmacy: Ndi pamenepo. Chiwindi chimasandutsa morphine kukhala zotsalira ziwiri zotchedwa M3G ndi M6G, zimene zimatuluka kudzera mu impso. M6G imagwira ntchito ngati morphine yemwe, ndiye impso zikafooka imangounjikana, wodwala n'kumira m'tulo pa tsiku lachiwiri osati loyamba. Chonde musathawire kwa pethidine, mankhwala ena a gulu la morphine. Chotsalira chake, norpethidine, nachonso chimaunjikana, ndipo chingawayambitse kugwa ngati akhunyu. Diclofenac, mankhwala ena oletsa ululu, ayi, impso zimenezi musaziwonjezere katundu.

Wa anaesthesia: Tipitirize paracetamol pa nthawi yake. Ululu ukakula, fentanyl wochepa kwambiri, tikuyang'ana mmene akupumira tisanawonjezere. M6G itenga nthawi kuti ichoke, akhoza kuwodzeranso, choncho naloxone wa mudiripi akhale wokonzeka.

Dokotala wa pawodi: Ndavomera, ndinathamangira albumin. Ndikubwera ndidzaone za madzi m'thupi ndi catheter (kapaipi kotulutsira mkodzo) ngati sinatsekeke, creatinine tibwereze m'mawa.

Namwino wa usiku: Ndawasunthira bedi la pafupi ndi tebulo langa. Kupuma ndiziwerenga mphindi 15 zilizonse, mkodzo ola lililonse.