Kodi kanyumba ka amtengatenga pa Namaka kanali positi ofesi?

Mphunzitsi wa mbiri yakale:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndikamayenda pa msewu wa Blantyre kupita ku Zomba ndimaona kanyumba kakale pa Namaka, kamene kakutchedwa Mtengatenga Museum, ndipo ana anga a sukulu akhala akundifunsa ngati kanali positi ofesi yeniyeni yogulitsa masitampa ndi kulandira makalata. Ndithandizeni kuti ndisawaphunzitse bodza.

Wopuma ntchito ku positi:
Aphunzitsi, kanyumbako sikanamangidwe kuti anthu azigulamo masitampa ayi. Kanali malo opumulira amtengatenga, amuna amene ankasenza matumba a makalata wapansi pakati pa Blantyre ndi Zomba, mtunda wopitirira makilomita 60, pa nthawi imene Zomba linali likulu la dziko, udindo umene linautaya mu 1975. Boma la atsamunda litakhazikitsidwa mu 1891, makalata ochokera kunja ankatsikira ku Chinde, pamene mtsinje wa Zambezi umathirira m'nyanja, n'kukwera ndi sitima zapamadzi mpaka mu Shire, ndipo akafika pamtunda ankadalira miyendo ya anthu. Amunawo ankavala malaya ofiira, ena ankanyamula mfuti poopa zilombo, ndipo ankapatsirana matumba panjira kuti kalata isagone. Mukawauza ana zimenezi, muwauzenso kuti mawu akuti mtengatenga, amene lero timawamva m'dzina la unduna, poyamba ankanena munthu wosenza katundu pamutu.

Mayi wa ku Mangochi:
Bambo mwafotokoza bwino, koma ine ndili ndi maganizo ena pa nkhani yosandutsa nyumba zotere kukhala zosungiramo zakale. Kwathu kuno positi ofesi inapatsidwa ntchito ina pamene anaikamo Mlambe One Stop Centre, yoti anthu azipeza thandizo la nthambi zingapo za boma pamalo amodzi, ndipo ndimaona kuti nyumba imene anthu akulowamo tsiku ndi tsiku imasesedwa, denga likadontha wina amadandaula msanga, pamene yotsekedwa podikira alendo imatha ndi chiswe mwakachetechete.

Wopuma ntchito ku positi:
Mayi, sindikutsutsani pa mapositi ofesi akuluakulu, makamaka tsopano pamene ndalama zimene abale ankatumiza kuchokera ku Joni zikudutsa pa foni, ndipo achinyamata ambiri sadziwa n'komwe kuti keyala n'chiyani. Koma kanyumba ka pa Namaka n'kakang'ono kwambiri moti sikangakhale ofesi ya chilichonse, ndipo mukachotsamo zinthu zakalezo simutsala china chogwira mtima. Aphunzitsi, m'malo mongowalozera ana pa windo la minibasi, konzani tsiku muwatengere komweko, ndipo muwayendetseko wapansi ngakhale makilomita awiri atasenza zikwama zawo za mabuku pamutu.