Bodi yathu yoyang'anira zaumoyo: tiikemo a mapepala okhaokha kodi?

Wofunsa (dzina labisidwa):

Abale, ndabisa dzina chifukwa ena mwa anthu amene ndiwanene pano ali m'gulu lomwe lino. Dera sinditchula, chipatala chathunso sinditchula. Ndine mlembi wa kabungwe kena kuno ku Blantyre. Tinayamba nthawi ya kolera ija, kumayambiriro kwa 2023, sukulu za mumzinda muno zitachedwa kutsegulira. Poyamba tinkangoyenda ndi klorini m'makomo. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi chaka chomwecho, ntchito inasintha yokha, tinayamba kulondalonda chipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Mankhwala afika liti, pawindo atsegula nthawi yanji, amayi oyembekezera akulandiridwa bwanji usiku. Zonse timalemba m'kope lalikulu lachikuto cholimba, limene limagona kunyumba kwanga.

Tsopano pali anthu ofuna kutithandiza ndi kangachepe, koma akuti tikhale ndi bodi ya anthu 7, ndipo titumize mbiri ya aliyense. Apa ndi pamene pauka fumbi.

Abusa ndi aphunzitsi palibe akuwatsutsa. Mnyamata wina wa zowerengera ndalama nayenso wadutsa bwinobwino. Koma pali mayi wopuma pantchito ya unamwino, amene anagwira pachipatala chomwechi zaka zambiri, ndipo amene amagawa mankhwala pawindo lero ndi mwana wa mchemwali wawo. Pali bambo amene anapikisana nawo pa ukhansala n'kugwa, aliyense akudziwa kuti adzaimanso. Palinso bambo wa sitolo ya mankhwala imene ili kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi geti. Sindikunena kuti amaba ayi. Ndikungonena kuti tsiku limene pawindo anena za mankhwala a malungo kuti "LA watha, kaguleni", anthu amawoloka msewu.

Wachisanu ndi chiwiri ndi amene wandisowetsa tulo. Ndi mayi wogulitsa mandasi pageti. Amafika kusanache ndi beseni lake lovindikira ndi pulasitiki, amakhala pa njerwa ziwiri mpaka dzuwa lipendeke. Theka la zimene zili m'kope langa zinachokera kwa iwo. Ndi amene anatiuza tsiku lina kuti galimoto ya mankhwala yabwera Lachiwiri madzulo, anawerenga makatoni potsitsa, koma Lachinayi odwala akubwezedwa. Sukulu analekeza Sitandade 6. Pamsonkhano wa Loweruka apampando ananena, mayiwo ali pomwepo, kuti bodi ndi nkhope ya bungwe, ndiye mbiri yonena za mandasi idzatichititsa manyazi kwa othandiza. Mayi aja sanayankhe. Anangomanga bwino chitenje, n'kunena kuti asiya mwana pabeseni, basi ulendo. Kenaka wina anati tiwaike ndithu, koma tilembe kuti amalandira mankhwala otalikitsa moyo, poti zoterezi othandiza amazikonda. Ine dzanja linakana kulemba zimenezo m'maminitsi.

Ndithandizeni. Mwa anthu amenewa tichotse ndani, tisiye ndani? Nanga m'mbiri ya munthu wa mu bodi timalembamo chiyani kwenikweni?

Mlangizi wa zaumoyo wopuma, ku Lunzu:

Mwanawe, za bambo wa sitoloyo musatayepo nthawi. Galu samusungitsa nyama. Ngakhale atakhala woyera mtima ngati mngelo, tsiku limene mudzalembe lipoti loti mankhwala akusowa, anthu adzati walemba ndi iye kuti malonda ayende, ndipo mukadzakhala chete adzati wakutsekani pakamwa ndi iyenso. Mbali zonse mwaluza. China, musaiwale kuti zipatala zazing'ono za boma zimakhala kale ndi komiti ya anthu a m'dera, ndipo mankhwala akabwera kuchokera ku Central Medical Stores a komiti amayenera kukhalapo, kuona ndi kusayinira. Mayi wanu wa mandasiyo akugwira ntchito imeneyo popanda womutuma. Pitani mukadziwane ndi komitiyo, mwina ilipo koma ikugona.

Namwino, sinditchula kumene ndimagwira:

Ndikupempha musawataye mayi opuma aja chifukwa cha m'bale wawo. Ku Malawi kuno mukati muchotse aliyense amene ali ndi wachibale pachipatala, mutsala ndi mipando yokha. Ife ogwira ntchito zimatiwawa pamene gulu loyang'anira lilibe ngakhale munthu mmodzi wodziwa kuwerenga khadi la mankhwala a m'sitolo ya chipatala. Makatoni amene mayi wa pageti anawerenga akhoza kukhala a magolovesi ndi madiripu, pamene LA sanabwere n'komwe. Akhozanso kukhala kuti anabedwadi. Amene angasiyanitse ziwirizi ndi munthu woti anagwirapo makadiwo. Ndiponso munthu wotere amadziwa khomo loyenera: nkhani ya khalidwe la namwino imapita ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ya dokotala kapena kiliniko ofesala ku Medical Council of Malawi, ya sitolo zogulitsa mankhwala ku PMRA, bungwe la boma loyang'anira za mankhwala, ndipo zing'onozing'ono zimayambira kwa ombudsman wa chipatala, amene amalandira madandaulo a odwala. Kumbukiraninso kuti Blantyre ilibe chipatala chachikulu cha boma la Blantyre palokha monga ku Thyolo kapena ku Chiradzulu, wodwala akakanika kwanuko ulendo ndi wa ku Gulupu. Ndiye zina zimene mumaziona ngati ulesi pageti panu zimakhala kudikira ambulansi imodzi imene ikuzungulira zipatala zingapo. Mayiwo akhale, koma nkhani ikakhudza windo la mwana wawo, azituluka panja.

Mnyamata wa ku Mbayani:

Akulu, funso limodzi lokha. Pamisonkhano ya bodiyo pali alawansi? Lengezani kuti palibe, muone amene atsale. Wa ukhansalayo ndiye ayamba kudwala mutu Loweruka lililonse.

Mayi wogwira ntchito m'mabungwe, ku Namiwawa:

Achemwali kapena achimwene, apampando anu akuwaganizira molakwika othandizawo. Ndakhala ndikuwerenga mbiri za mabodi zaka zambiri, ndipo zimene zimanditopetsa ndi zija za madigiri okhaokha, anthu 7 onse okhala m'mipanda, odwala akapita kuchipatala cholipira. Bungwe loyang'anira chipatala cha anthu wamba, mu bodi mulibe ndi mmodzi yemwe woima pamzere? Pamenepo ndiye pokayikitsa. Mbiri ya mayiyo ilembeni mmene ilili: wakhala pageti la chipatala zaka zakuti, amalankhula ndi odwala tsiku ndi tsiku, ndi amene wabweretsa madandaulo ambiri m'kaundula wa bungwe. Imeneyo ndi mbiri yolemera kuposa ya abusa, andikhululukire.

Mbiri iliyonse ikhale ndi mbali ziwiri. Yoyamba, chimene munthuyo akubweretsa. Yachiwiri, imene anthu amaithawa, ndi zingwe zimene zamumanga: bizinesi yake, wachibale wogwira pachipatala, udindo m'chipani, mpingo ngati uli ndi chipatala chake pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo. Aliyense alembe yekha, asayine, ndipo muziwerenga pamsonkhano wa anthu onse chaka chilichonse. Wandaleyo muikireni lamulo loti tsiku lotenga mapepala a chisankho ndi tsiku lotula pansi udindo. Za kulembetsa, yambani mwapita ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo. Mukadzakula n'kukhala NGO ndiye mudzakumana ndi CONGOMA, mgwirizano wa mabungwe omwe si aboma, komanso NGORA yoyang'anira mabungwewa, imene inalowa m'malo mwa NGO Board lamulo litasinthidwa mu 2022.

Bambo wa ku Chirimba:

Zolemba za matenda a mayiyo musayerekeze. Ine ndakhala pa mankhwala amenewa kuyambira ana anga ali ku pulayimale, pano ndi makolo, koma wonena za magazi anga ndine ndekha. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za munthu iye asanavomere. Ndipo amene ananena zimenezo pamsonkhano waulula kale, pamaso pa anthu. Gulu loteteza odwala likuyamba ndi kuvula wodwala? Inunso alembi, mwabisa dzina lanu koma mwatchula mandasi, geti ndi sitolo ya kutsidya. A kwanuko amuzindikira.

Wofunsa:

Bambo, mwandigwira pamenepo, ndalakwa. Ndapempha oyendetsa gulu kuti andilole kukonza mawuwo usiku uno.

Wowerengera ndalama, ku Limbe:

Ine ndisiyana nanu pang'ono nonsenu. Bodi si bwalo la madandaulo lokha, ndi imene imasayinira ndalama. Ndinaonapo agogo ena osadziwa Chingerezi atasayinitsidwa mapepala ndi anyamata ochenjera, ndalama zitasowa apolisi anayambira pa iwo. Ngati mumawakonda mayiwo, musawaike pamalo poti azisayina zimene sanawerenge. Kapena apangireni komiti ya alangizi.

Mayi wa ku Namiwawa uja:

Komiti ya alangizi ndi kumene amaponyako anthu amene sakuwafuna, achimwene. Alibe voti. Mankhwala ake ndi oti mapepala a bodi azikhala m'Chichewa, ndipo osayinira kubanki akhale ena. Si onse a mu bodi amagwira cheke.

Wofunsa:

Zikomo nonse, ndawerenga mpaka batire kutha. M'mawa uno ndinapita pageti, ndinagula mandasi awiri n'kukhala pa njerwa ina. Ndinapepesa za Loweruka. Mayi wa mandasi uja anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati za manyazi a apampando alibe nazo ntchito, koma akalowa mu bodi pali zinthu ziwiri: misonkhano isamakhale m'mawa chifukwa ndi nthawi ya malonda, ndipo maminitsi aziwerengedwa mokweza m'Chichewa asanasayine aliyense. Anawonjezanso chimene sindinachiganizire. Akuti anamwino akadzamva kuti ali mu bodi, mwina adzawathamangitsa pageti, ndiye adzadya chiyani, ndipo ife tidzamva kwa yani? Anatinso mayi opuma aja tisawachotse, poti ndi amene anawabereketsa mwana wawo woyamba magetsi atazima, ndi tochi pakamwa.

Chatsala ndi ichi, ndipo poyamba ndinachita manyazi kuchinena. Chipinda chimene timachitiramo misonkhano ndi cha kuseri kwa sitolo ya mankhwala ija, sitilipira. Kope lachikuto cholimba lija anagula ndi bambo omwewo, mayunitsi a foni yangayi mwezi uno ndi iwonso. Loweruka likubwerali ndiyenera kuwauza kuti mu bodi salowa, titakhala pa mipando yawo. Alipo amene akudziwa tchalitchi kapena sukulu imene ingatibwereke kalasi kwa maola awiri?