Anton Raaff anaimba Idomeneo ali ndi zaka 66: kodi mawu anali akadalipo?

Tenala wa mzere wakumbuyo

Moni nonse. Ndili ndi zaka 63 ndipo ndaimba tenala m'kwaya kuyambira ndili mnyamata. Chaka chathachi mawu ayamba kundithawa. Pamwamba ndimafikabe, koma kukhalitsapo ndiye ayi. Mpweya umandithera mzere usanathe, ndipo ndikaumiriza, mawu amanjenjemera ngati kulira kwa mbuzi. Mphunzitsi wa kwaya yathu, mwana amene ndinamuona akukwawa, anandipempha mwaulemu kuti mbali yoimba ndekha ndisiyire anyamata. Pakamwa ndinavomera, koma mumtima sindinavomere.

Mwana wanga wamkazi, pofuna kundipepesa, ananditumizira opera (sewero loimbidwa) ya wopeka nyimbo Mozart yotchedwa Idomeneo, n'kundiuza kuti munthu woyamba kuimba mbali ya mfumu Idomeneo anali nkhalamba ya ku Germany, Anton Raaff, wa zaka 66. Ndinamvetsera nyimbo ya mfumuyo ya "Fuor del mar" katatu usiku umodzi. Abale, nyimbo imeneyo ndi yothamanga, silabulo imodzi imayenda mtunda wautali osapuma. Ine ngakhale ndili ndi zaka 30 sindikanaiyesa.

Ndiye ndikufunsa amene mukudziwa mbiri yake. Kodi Raaff anali akuimbadi bwino pa msinkhu umenewo, kapena ankangomusunga chifukwa cha dzina? Mundiuze zoona, musandinyengerere.

Wokonda Mozart

Bambo, yankho lili pakati, ndipo mboni yathu ndi Mozart mwini, chifukwa ankalembera bambo ake, Leopold, makalata osabisa mawu.

Tiyambe ndi munthuyo. Raaff anabadwa mu 1714 ku Gelsdorf, mudzi wa pafupi ndi Bonn, ndipo anaphunzira kwa ansembe a Chijezwiti ku Bonn komweko. Clemens August, amene ankalamulira dera la Cologne, atamva mawu ake anamutumiza ku Munich kukaphunzira kwa Ferrandini, kenako ku Bologna kwa Antonio Bernacchi. Dzina la Bernacchi muligwire, libweranso. Kuchokera apo anaimba ku Vienna, m'mizinda ya ku Italy, ku Lisbon, ndi ku Madrid kumene Farinelli ndiye ankayendetsa za opera kunyumba ya mfumu. Masiku amenewo anthu ankadzadza m'nyumba za opera kuti amve makamaka oimba aamuna amene anafulidwa ali ana kuti mawu asasinthe. Bernacchi ndi Farinelli onse anali otero. Tenala ankapatsidwa mbali ya mfumu kapena tate, ulemu waukulu n'kupita kwa ena. Ndiye kuti Mjeremani wa tenala atchuke pakati pa anthu amenewo, m'chinenero chosakhala chake, sizinali zamasewera.

Mu 1770 anabwerera kwawo n'kulowa ntchito ku Mannheim, kwa Karl Theodor, wolamulira dera limenelo. Kumeneko ndi kumene Mozart anamumva mu Novembala 1777 akuimba mu Günther von Schwarzburg, opera ya Chijeremani ya Holzbauer. Mnyamatayo sanakhutire ayi. Analemba kuti mawu anali atapita ndiponso kuti pa nsanja mkuluyo ankangoima, osadziwa chochita ndi thupi lake.

Koma tamvani izi, bambo. Mu Febuluwale 1778, Raaff ali ndi zaka 63, msinkhu wanu weniweniwo, Mozart anamulembera nyimbo, "Se al labbro mio non credi". Raaff anaikonda, koma anapempha kuti aifupikitse chifukwa sankathanso kugwira mawu nthawi yaitali. Iye mwini ndi amene ananena, sanadikire kuuzidwa. Mozart anavomera msanga, n'kuuza bambo ake kuti anaitalikitsa dala popeza kudula n'kosavuta kusiyana ndi kuwonjezera, ndiponso kuti amafuna nyimbo imukhale woimba ngati chovala chosokedwa bwino.

Chaka chomwecho anakumananso ku Paris. Kumeneko Raaff ankakonda kukacheza ndi mayi ake a Mozart, amene ankasungulumwa m'chipinda cha lendi ndipo anamwalira pa 3 Julayi 1778. Mozart atamumvanso Raaff ku Paris anasinthako maganizo. Kaimbidwe kake ka nyimbo zodekha, kamene anakatengera kwa Bernacchi, ankakaonabe ngati kachikale kodzadza ndi zokometsera, koma anavomereza kuti pa mizere yothamanga mkuluyo anali katswiri, ndipo ankatchula mawu momveka bwino. Ndi chifukwa chake "Fuor del mar" ili momwe mwaimvera. Sikuti Mozart ankamuyesa nkhalambayo. Anamupatsa chimene chinali chitatsala mwa iye.

Mayi wophunzitsa mawu

Zonse zimene anena achimwenewa n'zoona, koma ndikuopa kuti bambo athu achoka pano ndi theka la nkhani, theka lokomalo.

Choyamba, kuthamanga ndi kugwira mawu ndi ntchito ziwiri zosiyana. Munthu amene anaphunzira kuthamanga ali wamng'ono, n'kumayeserera tsiku ndi tsiku, luso limenelo amakalamba nalo. Chimene chimayamba kutha ndi mphamvu ya minofu yogwira mpweya, komanso timinofu ta m'kholingo timayamba kuwonda n'kumalephera kutsekana bwino, mpweya n'kumatayika. Ndiye mawu amodzi aatali, odekha, ndi amene amaulula zaka za munthu, osati othamanga. Zimene mukufotokoza, bambo, zoti mpweya ukutha mzere usanathe, n'zomwezo anadandaula Raaff. Kunjenjemerako nthawi zambiri kumabwera chifukwa mukukankha ndi khosi pamene mimba yasiya ntchito. Koma ngati mawu asasa kwa milungu ingapo osasintha, kaonaneni ndi dokotala wa khosi, musangoti ndi ukalamba.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Pokonzekera Idomeneo ku Munich kumapeto kwa 1780 (Karl Theodor anali atasamukira kumeneko ndi oimba ake mu 1778 atalandira ulamuliro wa Bavaria), Raaff anavuta kwabasi. Mawu a nyimbo yake yomaliza anawakana. Mwa zina, munali mawu a Chitaliyana akuti "rinvigorir" ndi "ringiovenir", ndipo iye anati ma i achuluka. Apa ine ndili kumbali yake. Yesani kuimba "i" pamwamba ndi "a" pamwamba, mumva nokha mmene "i" imapanira pakamwa. Vuto linali lakuti wolemba mawu, wansembe Varesco, anali ku Salzburg kumene kunalinso Leopold, ndiye kudandaula kulikonse kunkayenda pa kalata kupita kwa Leopold, Leopold kwa Varesco, Varesco n'kukwiya, yankho n'kubwerera ku Munich. Pomaliza panatuluka "Torna la pace". Ndiye pambuyo pa chintchito chonsecho, masiku ochepa sewero lisanaonetsedwe, Mozart analemba kuti nyimboyo aichotsa chifukwa chigawo chachitatu chinatalika kwambiri!

Zonsezo Mozart anapirira. Koma panali malo amodzi pamene anakana. M'chigawo chachitatu muli nyimbo ya anthu anayi, "Andrò ramingo e solo", pamene mfumu, mwana wake Idamante, ndi akazi awiri, Ilia ndi Elettra, aliyense akulira chake pa nthawi imodzi. Raaff anadandaula kuti mulibe malo otambasulira mawu. Mozart anamuyankha kuti nyimbo ya munthu mmodzi akhoza kuisintha mmene woimba akufunira, koma ya anthu atatu kapena anayi amusiyire wopeka, ndipo anati mu opera yonseyo palibe chimene chinamukhutiritsa kuposa nyimbo imeneyo. Sanasinthe kanthu. Patapita masiku ochepa analembera bambo ake kuti Raaff wavomera mokondwa kuti analakwitsa.

Ndiye mphunzitsi wa kwaya yanuyo musamuone ngati wachipongwe. Raaff anali ndi Mozart womusokera nyimbo pathupi. Inu mukuimba nyimbo zosokedwa kale, za munthu wa mpweya wa zaka 30.

Besi wamng'ono

Pepani akuluakulu, ndilowererepo pang'ono. Ife a besi timamudziwa Raaff pa chifukwa china: anaphunzitsa Ludwig Fischer ku Mannheim. Fischer ndi amene anali woyamba kuimba mbali ya Osmin mu opera ina ya Mozart, Die Entführung aus dem Serail, ku Vienna pa 16 Julayi 1782, mbali imene imatsika mpaka D wapansi penipeni, pamene ine ndimangotulutsa mpweya wopanda mawu. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti Osmin si wongotsika chabe, amathamanganso ndi kudumpha ngati tenala. Ine ndimati ndi dzanja la mphunzitsi wake limenelo, njira ya ku Bologna italowa m'khosi mwa besi.

Funso langa kwa mayi: tenala angaphunzitse bwanji besi, poti sangamuimbire n'komwe mawu akewo?

Mayi wophunzitsa mawu

Mwanangu, ine ndine soprano ndipo theka la ophunzira anga ndi amuna. Raaff yemweyo anaphunzira kwa Bernacchi, amene mawu ake anali a pamwamba ngati a mkazi. Chida cha mphunzitsi ndi khutu. Kupuma, kulumikiza mawu, kutchula bwino, zonsezo n'zimodzi kwa aliyense.

Tenala wa mzere wakumbuyo

Zikomo nonse. Mayi, mwandibaya koma ndamva. Za dokotalazo ndichita, chifukwa kusasa kulipodi m'mawa.

Ndinabwerera kukamvetsera nyimbo ya anthu anayi ija, imene ulendo woyamba ndinaidumpha pofuna kumva tenala yekha. Ndiyenera kuulula kuti nkhani ya sewerolo ndinali ndisanaitsate. Mfumu ya ku Crete ikuchokera kunkhondo ya ku Troy, namondwe waipeza panyanja, ndipo ikulonjeza mulungu wa nyanja kuti ikapulumuka ipereka nsembe munthu woyamba kukumana naye kumtunda. Wokumana naye ndi mwana wake. Ndinati, si Yefita uyu wa m'buku la Oweruza? Ndipo kumapeto mfumuyo siifa ayi, imangouzidwa kuti itule pansi ufumu, mwana alowe. Ndaganizapo kwambiri za Raaff ataima pa nsanja pa 29 Januwale 1781, wouma thupi ngati chosema mmene Mozart ankamunenera, akuimba mbali ya munthu amene akusiyira mnyamata mpando, pamene wopeka nyimbo anali atangokwanitsa zaka 25 dzana lake. Mwana wangayu sindikudziwa ngati ananditumizira dala, ndimufunsa.

Ndaona kuti Raaff anakhalabe ku Munich mpaka anamwalira mu 1797, ali ndi zaka 83. Zaka 16 pambuyo pa Idomeneo si zochepa.

Mnyamata amene watenga mbali yanga ali ndi mawu okoma, koma amameza masilabulo omaliza ndipo amapuma pakati pa liwu. Kwa miyezi itatu ndakhala ndikumumvetsera kuchokera kumbuyo kuno, osanena kanthu, mwina n'kumakondwerako pang'ono akalakwitsa, Mulungu andikhululukire. Loweruka ndimupempha abwere msanga ndi theka la ola. Mayi, munthu wopuma pakati pa liwu mumayamba naye pati, pa mpweya kapena pa kuwerenga mawu a nyimbo mokweza asanaimbe?