Ndithandizeni nzeru: ulendo wa ku Muona ndi mayi okalamba m'dzinja lino

Moni nonse m'gulu muno. Amene mwadutsa msewu wa East Bank masiku ano, chonde ndiuzeni zoona zake.

Ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe. Mayi anga anabwera mu Okutobala kudzaonana ndi adokotala chifukwa cha bondo, ndipo pano atemetsa nkhwangwa pamwala kuti akubwerera kwawo, mudzi wina wa ku Muona, kupitirira pang'ono pa Fatima, kwa Mfumu Mlolo ku Nsanje. Ndawanyengerera kuti adikire mvula itaye, akana. Akuti mpunga wawo sungawokeredwe pafoni. Usiku ndikumawapeza atakhala pabedi, chikwama atamanga kale, akuwerenga masiku ndi zala. Zikundimvetsa chisoni, ndiye ndagonja.

Vuto ndi ili: ali ndi zaka 74, amayenda ndi ndodo, ndipo mwendo wakumanja supindika bwino. Kabaza wa njinga yamoto sangakwere ngakhale pang'ono. Ine ndinapitako komaliza mu 2022 m'chilimwe, namondwe Freddy asanawononge, ndiye sindikudziwa kuti njira ili bwanji tsopano. Ulendo umenewo tinafika pa Thabwa, poyambira msewu wa East Bank, cha m'ma 3 koloko masana, Sienta inadikira mpaka kudzaza, tinapanikizana anthu awiri pampando wakutsogolo, n'kukafika kumudzi mdima utagwa. Ineyo ndinapirira, koma mayi sangathe.

Kodi magalimoto akufikabe pa Fatima kudzera pa Thabwa? Kapena tizungulire ku Bangula n'kukawoloka pa bwato? Tili ndi thumba limodzi la ufa, chikwama ndi ndowa.

—

Achemwali, za bwato zichotseni m'mutu. Pa Mtayamoyo ife achinyamata timawoloka, koma kuti mukafike pamene bwato laima mumayamba mwaponda matope ofika m'mawondo. Mayi a ndodo simungawadutsitse pamenepo, komanso Shire akadzaza samasewera. Mukawoloka muli ku Makhanga, ndipo kuchoka apo kupita ku Fatima chodalirika ndi kabaza yemwe mukumukanayo. Dzerani pa Thabwa.

—

Ine kwathu ndi kwa Livunzu. Msewu umenewu mdani wake si mvula yogwa pamsewupo, koma yogwa kumapiri a ku Thyolo. Kuno kumatha kukhala dzuwa phwee, koma Mwamphanzi, Livunzu, Nkhate kapena Thangadzi n'kutsika ndi madzi odzaza, mchenga ndi miyala. Zikatero magalimoto amaima tsidya lino, ena tsidya linalo, anthu n'kumadikira. Ubwino wake mitsinje imeneyi imaphwera msanga mvula ikaleka kumtunda. Ndiye m'mawa wa tsiku la ulendo imbirani munthu wa kumudziko, afunse madalaivala amene abwera kumene. Nkhani ya dzulo siithandiza pa msewu uwu.

—

Musayerekeze kuchoka ku Lilongwe n'kukafika tsiku lomwelo. Lilongwe mpaka Blantyre ndi makilomita oposa 300, mayiwo adzafika pa Wenela mwendo utatupa kale. Gonani kwa achibale mu Blantyre, mulawire m'bandakucha. Kutsetsereka makona a ku Chikwawa sikutenga nthawi, cha m'ma 7 muli pa Thabwa, magalimoto oyamba asananyamuke. Mvula yambiri imakonda kugwa masana, ndiye mukhale mutawoloka mitsinje nthawi imeneyo isanakwane.

—

Mwini funso: Zikomo nonse. Achimwene a kwa Livunzu, nanga tikapeza mtsinje wadzaza, munthu wamkulu ngati ameneyu amatani? Ndikuopa kuti tingagone panjira.

—

Pamakhala anyamata owolotsa anthu kumsana, mumawapatsa kangachepe. Koma madzi akakhala ofiira, akuthamanga ndi zinyalala, musalole ngakhale dalaivala atanena kuti amadutsa tsiku lililonse. Tsikani, khalani pa sitolo yapafupi, dikirani. Mutenge chitenje chapadera, ambulera, madzi akumwa ndi kachakudya, mankhwala a mayi akhale m'kachikwama kam'manja mutakulunga mu jumbo.

—

Mwana wanga, ine ndi mayi ngati mayi akowo, ndipo ndinayendapo ndi malemu apongozi anga njira yomweyi. Ulipire mipando iwiri yakutsogolo kuti akhale okha atatambasula mwendo. Mugwirizane ndi dalaivala mwini wake musanakwere, osati oyitanira, ndipo umuuze dzina la mudzi, chifukwa ena akafika pa Masenjere n'kuona kuti anthu atha amakusiyirani galimoto ina. Ndalama usapereke yonse poyambira. Utengenso ndalama zapamanja zosinthasintha, ma ajenti a Mpamba ndi Airtel Money akumudzi nthawi zina amakhala alibe zoti akupatse. Ufawo ukaugulire konko kapena uutumize pambuyo, katundu wambiri ndi amene amakukhazika kumbuyo kwa lole.

—

Mwini funso: Mayi, mwandithandiza kwambiri, Mulungu akudalitseni. Ufa ndiusiya. Tinyamuka Lachinayi, tikagona kwa mlongo wanga ku Chilobwe, Lachisanu tilawira. Ndauza mwana wa azakhali anga kuti akatidikire pa Fatima ndi ngolo ya ng'ombe, aikemo matiresi. Ngati alipo wina amene adutse pa Nkhate kapena pa Thangadzi Lachinayi madzulo, chonde alembe pompano mmene madzi alili, ndikhala ndikuyang'ana.