Za mwala wakuda wapezeka pachitsime chija

Mlembi: Akuluakulu, anyamata okumba chitsime chakusukulu apeza mwala wakuda pansi, akuti ukuyaka. Mudzi onse wangoti malasha malasha. Ena akuti titapeko ndalama za chitsime tikauyezetse ku ofesi yaboma yoyeza miyala ku Zomba

Achimwene aku Joni: Eee mwayi umenewo! Sitima zimadutsa kwathu konkuno kwa Chapananga zitadzadza malasha aku Moatize ku Mozambique ife kumangowerenga mabogi. Si nthaka imodzi yomweyo?

Aphunzitsi opuma: Imodzi inde koma mitima pansi. Miyala imeneyi amaitcha Karoo, ndi matope ndi mchenga zomwe zinaunjikana m'madambo zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, zomera zokwiririkamo nkusanduka malasha. Ili ku Tete, ku Lengwe, ku Mwabvi ku Nsanje mpaka ku Mchenga ku Rumphi komwe amakumba kale. Koma ku Moatize mzere wa malashawo ndiwochindikala mamita ambiri pomwe wathuwu ndakauona ndi maso anga sukupitilira chikhatho, pamwamba pali mwala wamchenga pansi pali mwala otuwa omangosendeka

Aphunzitsi opuma: Ndinaponyako chidutswa pambaula, utsi okhaokha ndi phulusa. Matope achulukamo. Komanso miyala yachigwa chino ndiyothyokathyoka, mzere umaoneka apa mukakumba uko wasowa. Palibe kampani ingabweretse makina chifukwa cha zimenezo. Timalize chitsime ana akumwa madzi amumtsinje

Mayi aku Ndirande: Timalize ndi ndalama ziti? Simenti yomwe tinasonkha namondwe Freddy atagwetsa buloko ija inapita kuti? Mpaka lero lisiti sitinaione

Msungichuma: Mayi nkhani ija tinafotokoza pamsonkhano, inu simunabwere

Mayi aku Ndirande: Msonkhano oitana usiku mawa lake nkukumana?

Achimwene aku Joni: Aphunzitsi inu chilichonse mumakana, za chigayo munakananso

Aphunzitsi opuma: Chigayocho chili kuti pano? Ine sindikukana chitukuko achimwene. Ndipo dziwani kuti kukumba migodi kumafuna laisensi yaboma, si za gulu ngati lathuli. Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi madziwo, akadutsa mumwala wakudawu amatha kununkha ndikusintha kakomedwe, anyamata awake njerwa atseke mzere onsewo asanapitilize

Mlembi: Ndiye ndiwauze chani anyamatawa? Akudikira malipiro Lachisanu

Mayi aku Ndirande: Lisiti kaye