Flashi yotsekedwa ndi BitLocker ikukana kutseguka pa Ubuntu

wakuChinamwali:
Anzanga ndithandizeni. Achemwali anga andisiyira flashi kuti ndikawasindikizire mapepala m'tawuni muno, koma anaitseka ndi BitLocker, pulogalamu ya pa Windows yotsekera mafayilo ndi pasiwedi. Pasiwedi andipatsa. Laputopu yanga ili ndi Ubuntu 22.04 (mtundu wa Linux, osati Windows), ndikaibaya flashiyo mafayilo sakuoneka. Mapepalawo akufunika Lolemba. Kodi ndingoifomata?

Matawale_Linux:
Ayi achimwene, musayerekeze! Mukafomata ndiye kuti zonse zapita, achemwaliwo simudzayankhulana nawonso. Tsegulani terminal (pulogalamu yolembamo malamulo), lembani lsblk -f, muone dzina la flashiyo, mwina ndi sdb1. Kenako:

sudo cryptsetup bitlkOpen /dev/sdb1 flashi

Ikufunsani pasiwedi yanu ya laputopu, kenako ya flashiyo. Polemba sipaoneka chilichonse, musadabwe, zimatero. Mukatha, chitani mount /dev/mapper/flashi pa foda iliyonse yopanda kanthu, ndi sudo patsogolo, kuti mafayilo aoneke mu fodayo. Cryptsetup, pulogalamu yotsegulirayo, inayamba kuwerenga BitLocker kuyambira version 2.3, ndiye ya pa Ubuntu yanuyo ikwanitsa. Ikasowa, iikeni ndi apt, chida choikira mapulogalamu pa Ubuntu. Ena amakonda pulogalamu ina yotchedwa dislocker, koma ine ndimaiona ngati njira yozungulira.

NyaMpondabwino:
Pasiwedi ikakana, afunseni recovery key, ija ya manambala 48 imene Windows imapereka potseka. Zonse ziwiri zikasowa, nkovuta kwambiri kuti katswiri aitsegule, ngakhale akulonjezeni bwanji.

wakuChinamwali:
Yatseguka! Zikomo akuluakulu. Pochotsa ndingoizula?

Matawale_Linux:
Ayi. Yambani ndi sudo umount pa foda ija, kenako sudo cryptsetup close flashi. Ndipo muwauze achemwali ayesereko VeraCrypt m'malo mwa BitLocker, imagwira pa Windows ndi pa Linux pomwe.