Wa part-time ku UPS kulowa udalaivala wa TCD: masiku 30 aja amawerengedwa bwanji?

Chimwemwe_M

Akuluakulu, ndithandizeni pa nkhani iyi. Ndimagwira ntchito ya part-time yolongedza katundu m'magalimoto m'bandakucha ku UPS, kampani yotumiza maphukusi ya ku America, ndipo ndine membala wa Teamsters, bungwe lathu la anthu ogwira ntchito. Amata pepala la bid lofuna anthu oti akhale ma temporary cover driver, kapena kuti TCD, olowa m'malo mwa madalaivala amene ali pa tchuthi kapena akudwala. Ndisanasaine ndikufuna kumvetsa bwino. Amasankha potengera chiyani? Masiku 30 oyesedwa aja amawerenga motsatizana kapena ayi? Ndikalephera, ntchito yanga ya mkati ithera pomwepo? Nanga ndikapambana, ndiye kuti ndakhala wa full-time? Ndawerenga mgwirizano wa dziko lonse koma mayankho sindikuwapezamo.

Nachisale

A Chimwemwe, simukuwapeza chifukwa mukuyang'ana buku lolakwika. Mgwirizano wa Teamsters ndi UPS uli pawiri. Pali waukulu wa dziko lonse la America, National Master Agreement, umene unayamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 2023 ndipo udzatha pa 31 Julaye 2028. Umenewu unakhudza anthu pafupifupi 340,000 pamene unayamba mu 2023, ndipo ndi umene unakweza malipiro oyambira a part-time kufika pa $21 pa ola, n'kuthetsanso gulu la madalaivala otchedwa 22.4 amene ankalandira zochepa. Kenako pali ma supplement, omwe ndi mapangano a chigawo ndi chigawo, ndipo malo ena ali ndi rider, pangano lowonjezera la local (nthambi ya bungwe) yawo, pamwamba pake. Nkhani ya olowa m'malo mwa madalaivala imakhala m'ma supplement. N'chifukwa chake ngakhale dzina limasiyana: kwina amati TCD, kwina cover driver, kwina utility driver. Choncho musatengere zimene akukuuzani munthu wa chigawo china. Pemphani buku la supplement yanu kwa steward, woimira bungwe pamalo anu a ntchito, kapena ku ofesi ya local, muwerenge nokha gawo la seniority (kutalika kwa nthawi imene munthu wakhala pa ntchito) ndi la cover driver.

Kasankhidwe kake n'kosavuta. Mwa onse amene asaina bid, amayambira amene analowa ntchito kalekale, kutsika m'munsi, bola akhale wokwaniritsa zofunika. Kugwirizana ndi supavayiza kulibe gawo pamenepa. Mukasaina, lembani deti ndipo jambulani pepalalo ndi foni, chifukwa mapepala omata pakhoma amasowa, ndipo mkangano woti "simunasaine" umapambanidwa ndi amene ali ndi chithunzi.

Dzina lanu likafika, masitepe amayenda chonchi. Muyenera kukhala ndi zaka 21 kapena kuposerapo ndi layisensi yosatha ntchito. Amakoka mbiri yanu ya pamsewu ku boma, ndipo matikiti aposachedwa kapena mlandu woyendetsa mutaledzera ukhoza kukuimitsani musanayambe n'komwe. CDL, layisensi ya magalimoto akuluakulu, siifunika, popeza magalimoto a bulauni a UPS aja safika mapaundi 26,001. Kenako pamabwera kupimidwa kwa dokotala motsatira malamulo a DOT (nthambi ya boma yoona za mayendedwe), mayeso a pamsewu muli ndi supavayiza pambali, ndi sukulu ya sabata imodzi, imene m'madera ambiri imachitikira ku Integrad, malo a UPS ophunzitsira madalaivala. Kumeneko amafuna muloweze pamtima, mawu ndi mawu, malangizo a kayendetsedwe kabwino otchedwa 5 Seeing Habits ndi 10 Point Commentary. Pemphani mapepala amenewa lero lomwe. Anthu ambiri odziwa bwino chiwongolero amabwezedwa kusukulu chifukwa choyamba kuloweza usiku woti mawa mayeso.

Za masiku 30, ma supplement ambiri amanena masiku amene mwagwiradi ntchito pamsewu, osati masiku a pa kalendala. Mukayendetsa Lolemba ndi Lachinayi basi, sabata imeneyo mwapeza awiri. Powerenga buku lanu yang'anani zinthu zitatu: ngati masikuwo ayenera kukwana mkati mwa nthawi yoikika, ngati sabata ya kusukulu imawerengedwa, komanso ngati pali miyezi imene masiku ake sawerengedwa. Chachitatuchi ndi chimene chimaliza anthu. M'madera ambiri nyengo ya peak, ya chakumapeto kwa chaka mpaka mu Januwale, imakhala ndi malamulo akeake, moti munthu amatha kuyendetsa Disembala yense n'kupeza kuti sanasunthe ndi tsiku limodzi lomwe.

Bambo_Gondwe

Mayi Nachisale afotokoza bwino. Ine ndiwonjezerepo za DOT, chifukwa izi si za mgwirizano ayi, ndi lamulo la boma, ndipo steward sangakuombolenipo.

Kwa dokotala, diso lililonse liyenera kuona 20/40, ndi magalasi kapena popanda, ndipo muyenera kumva kunong'ona pa mtunda wa mafiti 5 ndi khutu limodzi. Chimene chimagwetsa ambiri ndi BP. Ikakhala yotsika kuposa 140/90, khadi limatha kukhala la miyezi 24. Nambala ya pamwamba ikakhala pakati pa 140 ndi 159 amapereka la chaka chimodzi. Pakati pa 160 ndi 179 amapereka la miyezi itatu, kamodzi kokha, kuti muitsitse. Ikafika 180/110 simudutsa. Wa preload, wolongedza katundu m'bandakucha, amene wadzuka 2 koloko usiku, wamwa makapu a khofi, kenako n'kuthamangira kwa dokotala, BP yake imakwera mosayenera. Sankhani tsiku loti mwagona mokwanira, ndipo ngati mumamwa mankhwala tengani kalata ya dokotala wanu.

China ndi maola. Lamulo limati mupume maola 10 otsatizana musanayambe, musayendetse pakadutsa maola 14 kuchokera pamene munayamba ntchito tsiku limenelo, ndipo musapitirire maola 60 pa masiku 7, kapena 70 pa masiku 8 kumene kampani imatsata dongosolo limenelo. Apa wa part-time achenjere kwambiri. Maola amene mwagwira mkati amawerengedwa. Mukayamba kulongedza 4 koloko m'mawa, kenako n'kukutumizani pamsewu, maola 14 anu akwana 6 koloko madzulo, osati 11 koloko usiku. Ndipo ngati muli ndi ntchito ina yolipidwa kwina, maola akenso amalowa m'chiwerengero chomwecho. Auzeni m'mawa nthawi imene maola anu athe, musadikire mpaka mutatsala ndi maphukusi 40 m'galimoto.

Chimwemwe_M

Zikomo kwambiri mayi ndi bambo, za maola a mkatizi sindinkazidziwa. Nanga m'masiku 30 amenewa amayang'ana chiyani kwenikweni? Ndipo akandichotsa, pali kodandaula?

Mkulu_Kalua

Achimwene, m'masiku oyesedwa mphamvu zambiri zili m'manja mwa kampani, zimenezi tisabisane. Kukuchotsani pa mayeso si kukuchotsani ntchito. Mumabwerera ku ntchito yanu ya part-time ndi seniority yanu yonse, koma mumadikira nthawi imene supplement yanu yanena musanasainenso bid ina, ndipo m'madera ambiri imafika chaka. Mukasiya nokha pakatikati, nthawi zambiri amawerenga chimodzimodzi ngati mwalephera, choncho musasiye chifukwa cha sabata yoyamba. Sabata yoyamba imapweteka aliyense.

Zimene amachotsera anthu ndi zitatu. Choyamba ndi ngozi imene iwo aigamula kuti inali yopeweka, ngakhale kungokhula galasi pa nthambi kapena kugunda bokosi la makalata. Zambiri mwa izi zimachitika pobwerera m'mbuyo. Lamulo lawo ndi loti musabwerere m'mbuyo ngati pali njira ina, ndipo ngati n'kofunika, bwererani pofika pomwepo musanatsike, mukuliza hutala. Chilichonse chimene mwakhudza nenani nthawi yomweyo. Ngozi ikhoza kukubwezani mkati, koma kubisa ngozi ndi mlandu wa chinyengo, ndipo umenewo umachotsetsa ntchito yonse.

Chachiwiri ndi kachitidwe ka ntchito: lamba, handibuleki poima paliponse, kutseka chitseko cha pakati pa dalaivala ndi katundu, kugwira chogwirira pokwera ndi potsika. Galimoto ili ndi zida zolemba zonsezi, ndipo supavayiza amatha kukutsatirani chapatali. Chachitatu ndi nthawi. Maphukusi a Next Day Air, oyenera kufika tsiku lotsatira, ali ndi ola lake loti afike, ndipo kuchedwa nawo kapena kuphonya pickup ya bizinesi kumalembedwa tsiku lomwelo. Mukaona kuti simukwanitsa, tumizani uthenga pa DIAD, kachipangizo ka m'manja ka dalaivala, nthawi ikadalipo, kuti pakhale umboni woti munanena.

Chimene ndimaletsa kwambiri ndi kudumpha lunch kapena kusanja katundu musanalowetse nthawi pofuna kuoneka wachangu. Article 17 ya mgwirizano waukulu imati nthawi yonse imene mwagwira ntchito iyenera kulipidwa, ndipo kulemba lunch imene simunapume ndi kunamiza zolemba. Komanso phukusi lopitirira mapaundi 70 muli ndi ufulu wopempha wokuthandizani kunyamula. Msana ukathyoka pa tsiku la 12, masiku 30 sakwana.

Kodandaula kulipo, koma grievance, dandaulo lolembedwa lodzera ku bungwe, imalimba pamene aphwanya ndondomeko, monga kudumpha inu n'kutenga amene analowa ntchito pambuyo panu, kusakupatsani maphunziro amene buku lanena, kapena kukuchotsani masiku atakwana kale. Pa zimenezi pamafunika kabuku kanu. Tsiku lililonse lembani deti, route, nambala ya galimoto, nthawi yoyamba ndi yomaliza, chiwerengero cha malo amene mwaima, ndi dzina la amene anakwera nanu, kenako muzifananiza ndi pepala la malipiro sabata iliyonse. Nthawi yoperekera grievance ndi yochepa, imawerengedwa m'masiku, choncho onanani ndi steward tsiku lomwelo. Ndipo akakuitanani mu ofesi kukufunsani mafunso amene angathere pa chilango, pemphani steward akhalepo. Ufulu umenewu umatchedwa Weingarten, kuchokera ku chigamulo cha Supreme Court cha mu 1975, ndipo njira yotetezeka ndi kuupempha ndi pakamwa panu musanayankhe chilichonse.

Nachisale

Funso lomaliza lija silinayankhidwe. Ayi, kupambana masiku 30 sikukusandutsani wa full-time. Mumakhalabe pa mndandanda wa part-time, kungoti tsopano ndinu wovomerezeka kuyendetsa. Tsiku limene akufunani mumalandira malipiro a TCD monga supplement yanu yanenera, ndipo tsiku limene sakufunani mumabwerera mkati pa malipiro anu akale, ndi maola atatu ndi theka amene wa part-time amatsimikiziridwa pa tsiku. Choncho ndalama zimakwera ndi kutsika, makamaka nyengo ya matchuthi ikadutsa. Musatenge ngongole ya galimoto powerengera cheke cha mu Julaye.

Musanasaine mufunseni steward mafunso awa, ndipo akuonetseni tsamba lake: kodi TCD angakane kuitanidwa kangati asanachotsedwe pa mndandanda, kodi chitetezo cha mu Article 37 choletsa kugwiritsidwa ntchito mopitirira maola 9.5 pa tsiku pafupipafupi chimamukhudza, kodi penshoni ya masiku oyendetsa imawerengedwa ngati ya part-time, komanso kodi nthawi ya TCD imachotsedwa pa zaka zinayi zimene dalaivala wa full-time amatenga kuti afike pa malipiro apamwamba. M'madera ena, amene anadutsa kale ngati TCD sayesedwanso masiku 30 mpata wa full-time ukatseguka, ndipo pamenepo ndi pamene pali phindu lalikulu. Ine ndikuona kuti musaine, bola mwawerenga masamba amenewa ndipo BP mwaipimitsa kale.